Loni ndi ya osauka, nanga bwanji kuifunsira kukufuna ndalama?

Achinyamata anzanga,

Mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akatuluka, m'makwalala muno mumamveka nthungululu. Mayi amavina, amalume amaimba foni, pa sitetasi aliyense zithunzi zokhazokha. Pakangotha sabata imodzi nyumba yomwe ija imakhala zii, chifukwa nkhani ya fizi yafika. Ine ndinadutsa momwemo. Ndili ndi zaka 24, digiri ili m'chikwama pansi pa bedi, ntchito kulibe. Ndinaphunzira ndi loni, ndiye zimene ndikunena pano si zongomva. Njira yofunsira loni ikusiya panja ana amene loniyo inapangidwira.

Tiyambe ndi chilungamo. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lomwe linakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe tonse timangoti HESLGB. Ntchito yake ndi kubwereketsa ndalama kwa ophunzira ovutika m'mayunivesite ovomerezeka, a boma ndi omwe si a boma, komanso kutolera ngongole kwa amene anamaliza. Ganizoli ndi labwino. Popanda loni, ana ambiri ochokera m'ma CDSS sakanaponda ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS, ku KUHeS, ku LUANAR ku Bunda, ku MUST ku Thyolo kapena ku MZUNI. Ine sindikanaponda.

Koma taonani zimene munthu amafunika kukhala nazo asanapemphe n'komwe. Masiku ano kufunsira ndi pa intaneti. Ndiye kuti foni yabwino kapena kompyuta, bando, netiweki, magetsi otchajira. Mapepala akufunika kujambulitsa ndi kusikana. Pali ndalama yolipira pofunsira, pali thiransipoti yopita kukadinditsa. Mwana wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa amachita zonsezi atakhala pa sofa, akumwa tiyi. Mtsikana wa kumudzi ku Nsanje kapena ku Chitipa ayenera kubwereka foni, kukwera chulu kusaka netiweki, kenaka kusaka ndalama yopita pa boma. Onsewa amapatsidwa tsiku lotsekera limodzi. Tinganene kuti mpikisano umenewu ndi wachilungamo?

Zimafika poipa kwa ana amasiye. Amauzidwa kuti abweretse umboni woti makolo anamwalira. Tonse tikudziwa kuti maliro ambiri a kumudzi salembetsedwa kulikonse, amfumu amalengeza, anthu amaika, basi. Ndiye mwana amene bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 3 akaipeza kuti satifiketi? Amene wavutika kwambiri ndi yemwe ali ndi mapepala ochepa osonyeza kuti wavutika.

Zanga zinali chonchi. Dzina langa pa satifiketi ya MSCE ndi pa chiphaso cha unzika linasiyana chilembo chimodzi. Chimodzi chokha, aise. Ndinazindikira kutatsala masiku asanu. Ndinapita ku ofesi ina, akuti bwana atuluka, mubwere mawa. Mawa lake akuti chidindo chili ndi wina amene wapita ku maliro. Panja pa ofesiyo mkulu wina anandiitanira pambali, akuti ndikangomupatsa ya fanta zitheka lero lomwe. Ndinalibe. Mayi anagulitsa thumba la chimanga lomwe tinkasunga kuti tidye mu Januwale, kuti ndipeze ya minibasi masiku atatu. Ndinapereka fomu tsiku lomaliza, madzulo. Mnzanga amene tinakhoza naye limodzi, mapointi ake abwino kuposa anga, kwawo kunalibe thumba loti agulitse. Lero akupalasa kabaza. Ndikamuona sindinena kuti ndinamuposa nzeru, ayi. Ndinamuposa thumba limodzi la chimanga.

Ukapereka fomu, imayamba nthawi yodikira. Sukulu yatsegula, mayina sanatuluke. Alandilodi akufuna ya nyumba, m'mimba muli phokoso, ku ofesi ya fizi akuti ulipireko kaye kuti ulembetse. Mayina akatuluka lako palibe, sudziwa kuti walakwitsa pati. Kodi pepala lina silinaoneke bwino? Kodi akuganiza kuti kwanu n'kolemera chifukwa unaphunzira pa sekondale yolipira, pamene anakulipirira ndi a mpingo? Munthu sangakonze cholakwa chimene sanauzidwe. Ndipo amene wapeza loni nayenso sanapulumuke. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama ya upkeep ikachedwa mwezi umodzi, imafika itachepa mphamvu, theka lake n'kupita kobweza ngongole za pa hokala.

Ndikudziwa zimene ena anene. Akuti ndalama ndi zochepa, ofunsira ndi ambiri, ndipo amene anabwereka kale sakubweza. Zoona zimenezo, sindikana. Inenso ndili ndi ngongole imeneyi ndipo ndikadzangogwira ntchito ndidzabweza, chifukwa ndalama yanga ndi fizi ya mng'ono wa wina. Madala amene anaphunzira ndi ndalama za boma, lero akuyendera magalimoto akuluakulu koma sanabwezeko ngakhale tambala, atsatidwe ndithu. Koma kuchepa kwa ndalama kukutanthauza kuti kasankhidwe kayenera kukhala koonekera kwambiri. Nsima ikachepa m'mbale, aliyense amafuna aone mmene ikugawidwira.

Ndipo apa sitikupempha chifundo. Gawo 25 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Gawo 43 limati ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokhudza ufulu wako kapena zimene umayembekezera moyenera, uli ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zake molemba. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Malamulo alipo kale, chatsala n'kuwagwiritsa ntchito.

*ZIMENE TIKUFUNA*

1. Aliyense wokanidwa loni auzidwe chifukwa chake molemba, ndipo apatsidwe nthawi yokwanira yochita apilo.

2. M'boma lililonse mukhale malo amene ophunzira angakafunsire loni kwaulere, pali kompyuta, intaneti ndi munthu wothandiza. Masekondale ndi maofesi a DC alipo kale.

3. Amene wasonyeza kuti ndi wovutikitsitsa asalipitsidwe ndalama yofunsira. Kulipiritsa munthu kuti anene kuti alibe ndalama n'chipongwe.

4. Pamene palibe satifiketi ya imfa, kalata ya amfumu, ya ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kapena ya mphunzitsi wamkulu ilandiridwe popanda kuzunguza mwana.

5. Mayina atuluke sukulu isanatsegule, ndipo yunivesite iliyonse isaletse wophunzira kulowa m'kalasi kapena kulemba mayeso pamene akudikira yankho la loni.

6. Chaka chilichonse tiuzidwe poyera kuti anafunsira ndi angati, apatsidwa ndi angati, kuchokera maboma ati, atsikana angati, ndipo zabwezedwa ndalama zingati.

*KWA INU AMENE MUKUFUNSIRA*

Pamene tikukankha zimenezi, musadikire. Tengani satifiketi, chiphaso cha unzika ndi kalata yokusankhani, muziike pamodzi lero, muone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana chilembo ndi chilembo. Ngati zasiyana, yambani kukonza panopa. Musadikire sabata yomaliza, chifukwa ndi pamene aliyense amathamangira pa sisitimu, ndipo magetsi nawo sadziwa za tsiku lanu lotsekera. Jambulani chilichonse chimene mwatumiza, sungani lisiti ya kubanki, sungani mameseji. Ngati wina akukulemberani pa kafe, khalani pambali pake, werengani zonse asanatumize, ndipo pasiwedi ikhale yanu. Lembani zoona zokhazokha za kwanu, bodza likagwidwa mwadziphera nokha. Munthu aliyense wokuuzani kuti ali ndi wake mkatimo, mum'patse kenakake dzina lanu lituluke, ndi wakuba. Malangizo ndi masiku otsekera tengani kwa eni ake a HESLGB kapena ku ofesi ya Dean of Students, osati pa meseji yongotumizirana. Mukakanidwa, lembani kalata yofunsa chifukwa, musunge kope lake, muuzenso a bungwe la ophunzira pa sukulu yanu. Ngati palibe akukuyankhani, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otere kwaulere.

Ndipo ife amene tinamaliza, tili pakhomo tikudikira maintavyu osabwera aja, nthawi tili nayo. Aliyense apeze mwana mmodzi wa m'dera lake amene wasankhidwa, akhale naye pansi, am'bwereke foni, am'perekeze kodinditsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ululu umenewu ife tikuudziwa bwino.

Ngati munakanidwa popanda chifukwa, ngati munasiya sukulu chifukwa ndalama zinachedwa, lembani nkhani yanu mwachidule: chaka, sukulu, chimene chinachitika. Musaikepo nambala ya chiphaso kapena ya ku banki. Tumizani kwa ma admin a gulu lanu. Tikufuna tikapite ndi nkhani zenizeni m'manja, kuti pasadzakhale wonena kuti achinyamata akungolongolola. Tiyamba ndi kalata. Akapanda kuyankha, gawo 38 limatipatsa ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, ndipo tidzaugwiritsa ntchito mwamtendere momwemo.

Tumizani uthengawu m'magulu a kusukulu, a kutchalitchi, a kumzikiti ndi a pabanja. Kumudzi kwanu kuli mwana wasankhidwa chaka chino amene alibe WhatsApp. Muimbireni foni, mum'werengere.