Mabuleki akavuta mutakonza nokha, bwererani pomwe munagwira

Ana anga, inu amene muli ndi galimoto zolimba zodutsa m'matope ndi m'miyala, ma Hilux, ma Land Cruiser ndi ma Land Rover, tcherani khutu kuno. Ndalama ya kugalaja yakwera, ndipo ambiri mwaphunzira kugwira sipanala nokha pakhomo. Kudzidalira n'kwabwino, sindikuletsani. Koma pa ntchito zonse za pagalimoto, ya mabuleki ndiyo yosakhululuka. Injini ikalakwika galimoto imangoima, koma mabuleki akalakwika galimoto siima, ndipo m'galimotomo muli anthu.

Langizo langa lalikulu ndi ili: ngati galimoto inkaima bwino dzulo, lero mwaigwira ndipo mabuleki asintha, vuto lili pamene panadutsa manja anu. Musathamangire kusitolo kukagula master cylinder yatsopano musanadziwe chomwe chalakwika. Khalani pansi, kumbukirani bawuti iliyonse yomwe munamasula, paipi iliyonse yomwe munasuntha, kenako kaziyang'aneni chimodzichimodzi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo amene angakuuzeni zoona msanga ndi pedulo, mukaiponda galimoto ili chiimire.

Mukangosintha mapadi, pedulo imatha kulowa mpaka pansi poiponda koyamba. Chifukwa chake n'chakuti munakankhira mapisitoni a kalipa m'kati kuti mapadi atsopano alowe, ndiye pamafunika kupopa pedulo kangapo kuti abwerere pamalo pake. Popani musanachotse mwala kutayala. Ambiri agunda mpanda kapena mwana pabwalo chifukwa choiwala kanthu kakang'ono kameneka.

Pedulo ikamamveka yofewa ngati mwaponda chinkhupule, koma n'kulimbako mukapopa, dziwani kuti m'mapaipi mwalowa mpweya. Mabuleki amagwira chifukwa mafuta a mabuleki sapanikizika. Mphamvu ya mwendo wanu imafika yonse kumatayala. Mpweya umapanikizika, ndiye umameza mphamvuyo panjira. Mankhwala ake ndi kubulida, ndipo ntchitoyi imafuna anthu awiri, pakuti mutu umodzi susenza denga: wina aponde pedulo n'kuigwira, wina atsegule kanipo kotulutsira mpweya n'kutseka mnzakeyo asanachotse phazi. Kawirikawiri amayambira tayala lomwe lili kutali kwambiri ndi master cylinder, koma tsatirani buku la galimoto yanu. Kabotolo ka mafuta kasaume, chifukwa kakauma mwayambiranso.

Mwabulida kawiri katatu koma pedulo ikadali yofewa? Gwadani muone makalipa. Ngati munachotsa onse awiri n'kuwasinthanitsa, yakumanja kupita kumanzere, kanipo kamakhala kumunsi. Mpweya umakwera m'mwamba, choncho sungatuluke ngakhale mutathira botolo lonse. Kanipo kayenera kukhala pamwamba. Komanso ma Hilux ndi ma Land Cruiser ambiri akale ali ndi valavu kumbuyo, yolumikizidwa ndi kachitsulo ku ekiselo, yomwe imachepetsa kapena kuwonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo malinga ndi kulemera kwa katundu. Nayonso ili ndi kanipo kake, ndipo ambiri amaiiwala.

Pedulo ikamatsika pang'onopang'ono mutaiponda mosalekeza, mafuta akuthawira kwina. Yang'anani kuseri kwa tayala lililonse ndi pamalumikiziro onse. Ngati kulibe konyowa ndipo mafuta m'kabotolo sakuchepa, ndiye kuti marabala a m'kati mwa master cylinder atha. Zimenezi zimachitika kwambiri pa galimoto yakale pamene wobulida waponda pedulo mpaka pansi, marabala n'kukakhulika ndi dzimbiri la kumalo komwe sankafikako. Ikani kathabwa pansi pa pedulo pobulida kuti isafike kumeneko.

Nanga pedulo ikauma gwa, galimoto osafuna kuima? Pamenepo kayikirani booster, chija chimathandiza mwendo wanu. Injini ili yozima, popani pedulo kangapo, igwireni, kenako lizani injini. Pedulo iyenera kutsikako pang'ono. Ikapanda kutero, fufuzani paipi ya vacuum ngati yachoka kapena yang'ambika. Injini za dizilo zimadalira pampu yakeyake, ndipo pa ma Hilux akale a injini ya 3L pampuyo ili kumbuyo kwa alternator. Munthu amatha kukonza za magetsi, osagwira mabuleki n'komwe, n'kudabwa kuti galimoto yasiya kuima.

Palinso zina zobisala. Nsapato za m'madilamu akumbuyo zikakhala kutali ndi dilamu, pedulo imagwirira pansi. Mabering'i akumaso akasiyidwa olekera, chimbale cha mabuleki chimagwedera n'kukankhira mapadi kumbuyo, ndipo pedulo imatsika mukangotuluka m'mabampu. Galimoto ikamakokera mbali imodzi, onani ngati girizi kapena mafuta a m'ekiselo afika pamapadi, kapena ngati paipi ya rabala inapotokola pomanga. Tayala limodzi likatentha kuposa anzake mutayenda pang'ono, kalipa yakakamira. Inunso amene mumakweza galimoto ndi masipuling'i aatali, dziwani kuti mapaipi a rabala amakokeka tayala likalendewera, ndipo valavu ya kumbuyo ija imaona ngati galimoto ilibe katundu, n'kufooketsa mabuleki akumbuyo. Walira mvula walira matope. Mwafuna galimoto yaitali, konzaninso zimenezi.

Za mafuta ndisabise mawu. Thirani omwe alembedwa pachivindikiro, DOT 3 kapena DOT 4, ochokera m'botolo lotseka. DOT 5 ndi amtundu wina, sasakanizidwa ndi amenewa. Mafuta a injini kapena a chiwongolero akalowamo ngakhale pang'ono, amatupitsa marabala onse. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi. A DOT 4 atsopano amapirira kutentha kwa madigiri 230, koma akayamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 155 okha. Akawira amasanduka nthunzi, pedulo n'kulowa pansi. Botolo lomwe lakhala chitsegulire pashelefu, ngakhale lioneke loyera, ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kutentha kumeneku sikubwera galimoto ili pabwalo. Kumabwera potsika Chiweta, potsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, potsika phiri kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, kapena pamakona a msewu wa Gorodi kuchokera ku Livingstonia, galimoto itadzaza matumba a chimanga ndi achibale pamwamba. Tsoka silinunkha. N'chifukwa chake ntchito ya mabuleki simathera pomanga bawuti yomaliza. Pondani pedulo mwamphamvu kwa theka la mphindi, isatsike. Onani pansi ngati padontha kanthu. Yesani handibuleki. Yendani pang'onopang'ono pamalo athyathyathya opanda anthu, imani kangapo, kenako onaninso mafuta ndi mabawuti a matayala. Ndipo ngakhale zonse zili bwino, pamtsetse lowetsani giya yaing'ono kuti injini ithandize kugwira galimoto.

Mukayesa zonsezi koma pedulo osakhala bwino, kapena nyali ya ABS ikayaka osazima, musanene kuti ndiyenda nayo pang'onopang'ono mpaka kugalaja. Itanani makaniko abwere pakhomo, kapena galimotoyo inyamulidwe. Mufotokozereni zonse zomwe munagwira, osabisa chifukwa cha manyazi, pakuti safunsa anadya phula. Ulendo ukhoza kudikira mawa, maliro a kumudzi mukhoza kupita pa basi, fodya akhoza kufika kumsika tsiku lina. Koma madzi akatayika saoleka. Galimoto yomwe mukuikayikira isanyamule munthu, ndipo isatuluke pachipata.