Kudwala Chimfine Si Chifukwa Chosiyira Insulini

Pa zaka makumi awiri zimene ndagwira ntchito yoyendera midzi poona za ukhondo, ndazolowera kuyang'ana zitsime, zimbudzi, maenje a zinyalala ndi malo ophera nyama. Koma ntchito imeneyi imandilowetsanso m'nyumba za anthu, ndipo m'menemo ndimaona zinthu zimene dokotala sangazione ali kuchipatala. Lero ndifuna kulankhula nanu, abale ndi alongo amene mwabwera kuchipatala, za cholakwa chimodzi chimene chimaika pachiswe moyo wa ana ndi achinyamata odwala matenda a shuga a mtundu woyamba. Cholakwacho ndi kusiya kubaya insulini pamene wodwalayo wagwidwa ndi chimfine kapena malungo.

Chaka china m'nyengo yozizira ndinapita pamudzi wina kukaona chitsime chimene chinagumuka. Amfumu anandipempha kuti ndidzere panyumba ina pamene panali matenda. Ndinapeza mtsikana wa zaka 13 ali chigonere pamphasa, milomo itauma gwa, akupuma mozama ndi mofulumira ngati munthu amene wakwera phiri. Nditafunsa za jakisoni wake, mayi ake anati, "Bambo, mwanayu watha masiku awiri osadya nsima chifukwa cha chimfine. Kuchipatala anatiuza kuti jakisoniyu amatsitsa shuga. Nanga tibaye bwanji munthu wosadya?" Tinathamanga naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo anatuluka patapita mlungu wathunthu. Akanagona usiku winanso panyumba paja, mwina nkhani ikanakhala ina.

Mayi aja sanali onyalanyaza. Anachita zimene ankaganiza kuti n'zoteteza mwana wawo. Chimene chinawasowa ndi chidziwitso, ndipo mlandu umenewo ugwera ife tonse a zaumoyo amene timapereka botolo la mankhwala osafotokoza mokwanira.

Matendawa ndi otani?

Nsima, mbatata, chinangwa ndi mpunga zimene timadya zimasanduka shuga m'magazi. Kuti shugayo alowe m'minofu ndi kutipatsa mphamvu, pamafunika insulini, amene amapangidwa ndi kapamba, chiwalo chimene chili kuseri kwa chifu. Anthu ambiri odwala shuga, makamaka akuluakulu, ali ndi mtundu wachiwiri. Mwa iwo insulini alipo koma sagwira bwino ntchito, ndipo ambiri amathandizidwa ndi mapiritsi pamodzi ndi kusintha kadyedwe. Mtundu woyamba ndi wosiyana. Chitetezo cha m'thupi chimaukira ndi kuwononga tizigawo ta kapamba topanga insulini, kotero kuti thupi limatsala lopanda insulini. Kawirikawiri umayamba pa ubwana kapena pa unyamata, ngakhale kuti wamkulu angathenso kuudwala.

Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kukodza pamphasa kwa mwana amene anasiya kale, kuonda ngakhale akudya, ndi kufooka. Makolo ena amaona nyerere zikuunjikana pamene mwana wakodza. Matendawa sabwera chifukwa chodya nzimbe zambiri, sachokera kwa mfiti, ndipo sapatsirana podyera mbale imodzi.

Kale, mwana akapezeka ndi matendawa sankakhalitsa ndi moyo. Zinthu zinasintha mu 1921 pamene Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulini mumzinda wa Toronto ku Canada. Mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala woyamba kubayidwa mankhwalawa ndipo anapeza bwino. N'chifukwa chake dziko lonse limakumbukira matenda a shuga pa 14 Novembala, tsiku lobadwa la Banting. Kuchokera nthawi imeneyo papita zaka zoposa 100, koma palibe mtengo, muzu kapena madzi odalitsidwa amene alowa m'malo mwa insulini. Aliyense wokuuzani kuti mwana wanu wachira ndipo asiye jakisoni, akukuuzani za kumanda.

Chimene chimachitika munthu akadwala

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Ambiri timaganiza kuti shuga amakwera pokhapokha munthu akadya. Si choncho. Thupi likamalimbana ndi matenda, monga chimfine chachikulu, malungo kapena chibayo, chiwindi chimatulutsa shuga amene chinasunga, ndipo insulini amayamba kugwira ntchito mofooka. Chotero shuga angakwere kwambiri mwa munthu amene sanalawe ngakhale phala. Wodwala wotere akapanda kubayidwa, thupi limayamba kusungunula mafuta ake kuti lipeze mphamvu, ndipo potero limatulutsa asidi wotchedwa maketoni amene amawononga magazi. Pa tsiku limodzi kapena awiri munthu amayamba kusanza, kumva m'mimba kupweteka, kupuma mozama, mpweya wake kununkha ngati zipatso zopsetsa, kenaka kukomoka. Ndi zimene zinamuchitikira mtsikana uja.

Tsono banja lililonse limene lili ndi wodwala wotere lisunge malamulo awa pamtima. Choyamba, insulini sasiyidwa. Muyeso wake ungawonjezedwe kapena kuchepetsedwa motsatira malangizo a kuchipatala, koma kusiyiratu ayi. Funsiranitu malangizo amenewo tsiku la sikelo yanu ya shuga, matenda asanabwere. Chachiwiri, yezani shuga maola atatu kapena anayi alionse, ngakhale usiku. Chachitatu, wodwala amwe madzi abwino pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Ngati nsima ikukanika, mupatseni phala lamadzimadzi, nthochi kapena tiyi wothira shuga pang'ono. Chachinayi, akayamba kusanza mobwerezabwereza, kupuma modabwitsa kapena kusinza kosadzuka msanga, musadikire kuti kuche. Ndiponso kutentha thupi kulikonse kuyezedwe malungo, chifukwa malungo ndi chimfine zimayamba mofanana.

Kamakina koyezera shuga ndiwo maso anu

Mantha a mayi aja anali ndi maziko. N'zoona kuti insulini akachuluka chakudya chili chochepa, shuga amatsika mpaka munthu kukomoka. Koma yankho la mantha amenewa ndi kuyeza, chifukwa wosayeza ali ngati woyenda usiku wopanda nyali. Kamakina koyezera shuga kamafuna dontho limodzi la magazi a kuchala, ndipo kamapereka yankho mphindi imodzi isanathe.

Makina ena amaonetsa manambala aang'ono monga 5 kapena 7, ena manambala aakulu monga 90 kapena 126. Muyeso wake ndi umodzi: nambala yaing'ono mukaichulukitsa ndi 18 mupeza yaikuluyo. Dziwani mtundu wa makina anu. Kwa ambiri, shuga wabwino asanadye amakhala pakati pa 4 ndi 7, kapena kuti pakati pa 70 ndi 130 pa makina a manambala aakulu. Akatsika kupitirira 4, kapena 70, wodwala amanjenjemera, kutuluka thukuta, kumva njala ndi kusokonezeka. Msanga mupatseni masupuni aang'ono atatu a shuga osungunula m'madzi, dikirani mphindi 15, yezaninso, kenaka adye chakudya. Ngati wakomoka musamuthire madzi m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali, mupake shuga pang'ono m'kati mwa tsaya ndi kuthamangira kuchipatala. Shuga akakhala pamwamba pa 14, kapena 250, osatsika pamene munthu akudwala, imeneyonso ndi nkhani ya kuchipatala.

Monga munthu wa zaukhondo ndiwonjezere izi. Sambani m'manja ndi sopo ndi kupukuta musanaboole chala, pakuti madzi a mango otsalira pachala angapangitse makina kunama. Boolani m'mbali mwa nsonga ya chala, ndipo muzisinthasintha zala. Timapepala toyezera timaonongeka ndi chinyezi, choncho tsekani kachitini kake nthawi zonse ndi kuona tsiku lake lothera mphamvu. Lembani zotsatira m'kope, pamodzi ndi nthawi, ndipo kopelo lizipita nanu kuchipatala.

Masiku ano kuli zipangizo zina zatsopano. Kuli peni ya insulini imene imapepusa kuyeza muyeso, kachipangizo komata pamkono koyeza shuga usana ndi usiku, ndi kapampu kolowetsa insulini pang'onopang'ono kudzera m'kachubu. Zipangizozi n'zothandiza koma n'zokwera mtengo, ndipo nazonso zimafuna munthu watcheru: kachubu ka pampu kakatsekeka, maketoni amabwera m'maola ochepa chabe. Amene muli ndi botolo ndi jakisoni wamba musadzione ngati otsalira. Insulini wake amagwira ntchito chimodzimodzi mukamusamala bwino.

Kusunga insulini kopanda firiji

Poyendera nyumba ndapezapo botolo la insulini pazenera, padzuwa, kapena litasomekedwa kudenga lamalata. Kutentha kumapha mphamvu ya mankhwalawa mwakachetechete, ndipo banja limadabwa kuti shuga sakutsika. Malo ake enieni ndi m'firiji, pa madigiri 2 mpaka 8, koma osati mouma madzi oundana, chifukwa insulini akaundana watha ntchito. Kumudzi, tengani miphika iwiri yadothi, waung'ono ulowe mwa waukulu, ndipo pakati pake muthirepo mchenga wonyowa. Ikani botolo m'kachitini kotseka bwino kuti lisanyowe, vundikirani ndi nsalu yonyowa, ndi kuika miphikayo pamthunzi podutsa mphepo. Mchengawo uzithiriridwa tsiku ndi tsiku. Lembani tsiku limene mwatsegula botolo, pakuti lotsegula liyenera kugwiritsidwa ntchito m'milungu inayi.

Pobaya muzisintha malo, pamimba ndi pantchafu, chifukwa kubaya pamodzimodzi kumayambitsa zotupa zolimba zimene zimalepheretsa mankhwala kulowa bwino. Jakisoni kapena peni ndi ya munthu mmodzi basi. Kubwerekana kumafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Singano zakutha musataye kudzala kumene ana amasewera. Zisungeni m'chigubu cholimba chotseka ndi kuzibweza kuchipatala.

Za katemera wa chimfine

Kupewa kuposa kuchiza. Ngati chimfine chingagwetse wodwala shuga chotere, nzeru ndi kuchitsekera khomo. Sindikunena za kachimfine kamamina ka masiku atatu. Ndikunena za fuluwenza, chimfine chachikulu chobwera mwadzidzidzi ndi kutentha thupi, kuphwanya m'mafupa, mutu ndi chifuwa chouma. Mliri wake wa 1918 ndi 1919 unapha anthu mamiliyoni ambiri padziko lonse, ndipo sunalambalale dziko lathu lino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaika anthu a matenda amgonagona, kuphatikizapo a shuga, m'gulu la oyenera kulandira katemera wa fuluwenza chaka ndi chaka.

Wina angafunse chifukwa chake katemerayu amabwerezedwa chaka chilichonse. Kachilombo ka fuluwenza kamasinthasintha maonekedwe, ndipo chitetezo cha katemera chimazirala pakapita miyezi. N'chifukwa chake akatswiri amakumana kawiri pachaka, mu Febuluwale ndi mu Sepitembala, kusankha mitundu ya kachilombo yoti ilowe m'katemera watsopano. Katemera wobaya sangakudwalitseni fuluwenza, pakuti mulibe kachilombo kamoyo. Pamkono pangapweteke tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ndi bwino kuyeza shuga kawirikawiri masiku amenewo. Chitetezo chimakhwima patapita milungu iwiri. Katemerayu saletsa chimfine chamtundu uliwonse, koma amachepetsa mpata wa kudwala modetsa nkhawa mpaka kugonekedwa.

Katemerayu sapezeka m'zipatala zonse, ndipo m'malo ena ndi wolipira. Komabe safunsa anadya phula: funsani adokotala kapena anamwino ngati alipo ndi kumene angapezeke. Amene muli ndi abale ogwira ntchito ku South Africa, auzeni kuti kumeneko fuluwenza amabuka m'nyengo yozizira, ndipo nthawi yabwino yolandira katemera ndi cha mu Epulo, kuzizira kusanayambe. Kumene katemera kulibe, ukhondo ndiwo chishango chathu: kusamba m'manja ndi sopo, kutseka pakamwa potsokomola, kutsegula mazenera, ndi kupatula malo ogona a wodwala chimfine ndi a mwana wa shuga.

Udindo ndi wathu tonse

Ndikudziwa zimene ena munganene. Chipatala chili kutali, timapepala toyezera timatha, ndipo nthawi zina mumabwerera opanda mankhwala. Zimenezi n'zoona, ndipo sindingazibise. Chithandizo cha matendawa chakhala nthawi yaitali chikupezeka makamaka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Mu Ogasiti 2022, nduna za zaumoyo za mu Africa zitakumana ku Lomé m'dziko la Togo zinagwirizana za ndondomeko yotchedwa PEN-Plus, yoti matenda aakulu ngati amenewa azisamalidwa m'zipatala za m'maboma, ndipo boma la Neno ndi limodzi mwa malo amene anayamba kale kutero. Imeneyi ndi njira yabwino, ndipo iyenera kufika paliponse. Koma podikira, tichite zimene tingathe. Pitani kukatenga insulini botolo lisanathe, makamaka mvula isanadule milatho. Timapepala tikachepa, sungani tina ta masiku a matenda.

Mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi adziwe mwana amene ali ndi matendawa ndi kumulola kudya akamva kunjenjemera. Amfumu akonzeretu njinga yonyamulira odwala usiku. Agogo ndi azakhali amene amatsala ndi mwana makolo akapita kumunda kapena kumaliro aphunzire kubaya ndi kuyeza. Ndipo ife a zaumoyo tisalole wodwala kutuluka pakhomo la chipatala asanayankhe funso ili: "Tsiku limene mudzadwale ndi kulephera kudya, mudzatani ndi insulini wanu?"

Mtsikana uja ndinakumana naye patapita zaka, akuchokera kusukulu, m'thumba mwa yunifolomu muli kapepala komanga shuga. Mayi ake anandionetsa miphika iwiri pakona ya nyumba, mchenga wake uli wonyowa. Inunso musachoke pano lero musanafunse adokotala anu za malamulo a tsiku la matenda, ndipo mukawafotokozere onse a kunyumba kwanu.