ZA KUTSIDYA KWA NYANJA: Mzinda Umene Anthu Amapitako Kukamwa Madzi

Pakati pa ana a Zambia amene anatumizidwa kukaphunzira kutsidya kwa nyanja m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ena anapita ku Czechoslovakia, dziko kumene kunayambira kampani ya nsapato ya Bata, limene linagawika pawiri m'caka ca 1993. Maphunziro anali owawa. Asanayambe za udokotala kapena za makina, ophunzira anayenera kutha caka cathunthu akulimbana ndi cinenero ca eni dziko, uku cisanu cikuluma mpaka m'mafupa.

Wophunzira akatopa ndi mabuku mu mzinda wa Prague, anali kukhoza kukwera basi pa Loweruka m'mawa kupita ku Karlovy Vary, mtunda wa makilomita ngati 130 cakumadzulo, nabwerera pa Sondo madzulo. Makolo a ku Matero kapena Chawama akalandira cithunzi-thunzi ca mwana wao ataima pakati pa nyumba zonga za mafumu, mtima unali kugunda poganiza kuti mwana wasiya sukulu, wayamba kumwaza ndalama. Sanali kudziwa kuti cimene cimakokera anthu kumaloko ndi madzi.

Karlovy Vary ali m'cigwa copapatiza ca mtsinje wa Teplá, pakati pa mapiri a nkhalango. Dzinali linacokera kwa Mfumu Charles IV imene inapatsa mzindawo ufulu wake m'caka ca 1370. Nthano ya komweko imanena kuti galu wa alenje a mfumuyo, pothamangitsa nyama, anagwera m'dziwe la madzi otentha, ndipo kulira kwake ndiko kunaulula akasupewo. Kasupe wamkulu, wochedwa Vřídlo, amatumphuka pa madigiri oposa 70, nathubvula madzi m'mwamba mpaka mamita 12.

Mlendo wa ku Lusaka amadabwa poona azibambo ndi azimai olemekezeka, atabvala majasi, akuyenda pang'ono-pang'ono m'makonde atali-atali, aliyense ali ndi kakapu ka dothi kokhala ndi mlomo ngati ketulo. Amatunga pa mpopi, namwa pang'ono, nayendanso. Madziwo sakoma konse. Ali ndi mcere ndiponso amamveka citsulo mkamwa, kotero kuti ambiri amatsitsira ndi mabisiketi opyapyala ochedwa oplatky. Madokotala akumeneko amalembera odwala m'mimba, ciwindi ndi nthenda ya shuga kasupe woti amweko, muyezo wake ndi nthawi yake, monga momwe amalembera mapilitsi. Mfumu Peter ya ku Russia inafikako m'caka ca 1711, ndipo Karl Marx anapitako katatu, kuyambira mu 1874 mpaka 1876. Pambuyo pa 1948 boma linatenga nyumba zociritsiramo, ndipo anchito wamba a m'mafakitale anayamba kutumizidwako.

Koma mwana wokulira ku Kanyama ali ndi cifukwa cacikulu coimira nthawi yaitali pa mpopi wotere. Kwao, pansi pa nthaka pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi ali pafupi kwambiri. Citsime cosaya ndi cimbudzi cokumba zikayandikana, zonyansa zimadutsa m'ming'alu imeneyo, makamaka dzinja. Akulu-akulu akukumbukira cigumula ca mu 1978. Kolera amene anabuka mu October 2017 anasautsa kwambiri Kanyama, ndipo mu January 2024 bwalo la mpira la National Heroes linasandutsidwa cipatala ca odwala nthenda yomweyo.

Nao a ku Karlovy Vary anaonapo zoopsa. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, madzi otentha anabooleka m'mgodi wa malasha wa m'dera la Sokolov, ndipo akasupe a mumzinda anayamba kucepa mphamvu mpaka pamene malo obookawo anatsekedwa. Lamulo linaika malire kuzungulira akasupe, ndipo mkati mwa malirewo munthu sakumba kapena kuboola pansi mwa kufuna kwake. Apa ndi pamene pagona nzeru, koposa pa mcere wa m'madziwo, pakuti cimbudzi ca munthu mmodzi cikhoza kudwalitsa komboni yonse.

M'caka ca 2021 bungwe la UNESCO linaika Karlovy Vary pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse, pamodzi ndi mizinda ina 10 ya akasupe ya ku Ulaya. Anthu a kum'mawa amene amakwera basi kupita ku Lusaka amadutsa pafupi ndi akasupe otentha a Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, m'mbali mwa mseu wa Great East. Kukazizira m'mawa nthunzi yake imaoneka ikukwera, koma mabasi ambiri amangopitirira osaima.