Tisangowerenga mizere, timvenso ng'oma yake

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwa mlongo wanga ku Mtandire. Usiku wina ndinapeza mwana wake wa Fomu 4 akuloweza mokweza: "Sonnet, mizere 14, iambic pentameter." Ndakatulo yake inali The Soldier ya Rupert Brooke, Mngelezi yemwe anailemba mu 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka.

Nditamufunsa tanthauzo la zomwe ankalowezazo, anati: "Amalume, bola ndikhoze mayeso." Manyazi anandigwira, poti nanenso kumudzi komwe ndimaphunzitsa ndakhala ndikuwaloweza ana chimodzimodzi.

Tinatenga chigubu cha madzi n'kuyamba kuchiomba uku tikuwerenga. Mzere uliwonse uli ndi maphatikizo pafupifupi 10: lofooka, kenako lamphamvu, kasanu motsatizana, ngati mapazi a asilikali pa perete. M'mizere 8 yoyamba, mathero a mzere woyamba amamveka mofanana ndi a wachitatu, wachiwiri ndi wachinayi, mpaka mmunsi. M'mizere 6 yotsiriza dongosolo limasintha: wa 9 umayankhidwa ndi wa 12, wa 10 ndi wa 13, wa 11 ndi wa 14. Nkhani nayo imatembenukira pomwepo. Gawo loyamba likunena za mtembo wa msilikali wosandutsa dothi lachilendo kukhala England, lachiwiri za mzimu wake uli pa mtendere. Dzina la dzikolo ndi la mtundu wake likumveka ka 6.

Mtsikanayo anasiya kuomba. "Nanga magazi ali kuti?" Funso lake ndi lomwe mphunzitsi amafuna kumva. Kayimbidwe kosalalako kamagoneka munthu ngati nyimbo yotonthozera mwana, imfa n'kuoneka yokoma. Brooke mwiniwake anamwalira ndi matenda mu Epulo 1915 ali pa ulendo wa ku Gallipoli, ndipo anaikidwa pa chilumba cha Skyros.

Chaka chomwe ankalemba ndakatuloyi, mfuti zinalira ku Karonga mu Seputembala, ndipo mu Novembala John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti Aafirika osauka akufera nkhondo ya eni. Asilikali athu ndi amtengatenga omwe anatsala m'tchire, dothi lomwe anagonamo linasanduka dziko la yani?

Aphunzitsi anzanga, kuwerenga maphatikizo ndi poyambira chabe. Mwana akamva ng'oma ya ndakatulo, timufunsenso kuti ikuvinitsa yani. Temu ikubwerayi ndikalowa m'kalasi ndi chigubu.