Magazi a Akufa Sadikira Boma

Munthu akafa mwadzidzidzi ku Johannesburg, lamulo la Inquests Act la 1959 limafuna kuti imfayo ifufuzidwe. Mtembo umapita ku mochale ya boma ngati ya ku Hillbrow, dokotala amaupima, ndipo magazi ndi mkodzo amazitumiza ku labotale yoyeza poizoni. Labotale zimenezi zakhala pansi pa National Health Laboratory Service kuyambira 2022. Mu 2023 milandu yodikira zotsatira m'dziko lonse inali yopitirira 30,000, ina yakhala pamzere zaka zoposa khumi.

Akuluakulu amati kumeneku n'kuchedwa chabe. Ndi bodza. Ndi kufafaniza umboni.

M'misewu ya Hillbrow ndi Berea mumagulitsidwa tik ndi CAT. CAT, kapena kuti methcathinone, ndi mmodzi mwa mankhwala otchedwa cathinone opangidwa m'labotale. Abale ake ndi mephedrone, MDPV ndi alpha-PVP. Mankhwalawa amathamangitsa mtima, amakweza kutentha kwa thupi, ndipo amatha kupha mnyamata wathanzi usiku umodzi. Koma ambiri mwa iwo sakhalitsa m'magazi osungidwa. Amaphwanyika pakapita masabata kapena miyezi, makamaka ngati botolo silinazizire mokwanira. Katswiri akalitsegula patatha zaka zisanu, amapezamo chiyani? Nthawi zambiri sapeza kanthu, ndipo wakupha amatuluka pepala loyera.

Vuto lachiwiri ndi khungu. Opanga mankhwalawa amasintha kachigawo kakang'ono, n'kutulutsa chinthu chatsopano. Bungwe la UNODC lalemba kale mitundu yatsopano ya mankhwala osokoneza bongo osiyanasiyana yoposa 1,000. Zoyezera zachangu zambiri sizimaizindikira. Pamafunika makina a mass spectrometry ndi zitsanzo zenizeni zofananitsira, zomwe zimafuna ndalama chaka ndi chaka. Opanga ali pafupi: mu 2024 apolisi anapeza fakitale yaikulu ya methamphetamine pafamu ina ku Groblersdal, m'chigawo cha Limpopo.

Amene amalipira ndi amoyo. Banja la ku Mangochi kapena ku Mzimba limasonkha ndalama zonyamulira maliro kuchoka ku Joni, koma chifukwa cha imfa palibe. Inshuwalansi imadikira, khoti limadikira. Kumudzi sadikira: ena amati anamuthira mankhwala, ena amaloza chala mkazi wamasiye kapena agogo. Pamene sayansi yakhala chete, ufiti umayankhula.

Ena amati ndalama zipite kwa odwala, osati kwa mitembo. Koma dotolo wa pachipatala cha Charlotte Maxeke adziwa bwanji chimene chikupha achinyamata mwezi uno ngati zotsatira zake zidzabwere mu 2030?

Boma liike malire a masiku 90 pa kuyeza kulikonse, ligule zitsanzo za mankhwala atsopano, ndipo lizilengeza poyera zimene zapezeka. Wogulitsa pakona amasintha katundu wake mwezi uliwonse. Labotale iyende liwiro lomwelo.