Mpeni wa m'Thumba: Kunyezimira Sikuthwa

Anzanga, ndi inu aphunzitsi athu, ndifuna kunenapo za kanthu kakang'ono kamene anyamata ambiri amakakhumba, ndiko mpeni wopinda wa m'thumba. Munthu akapita pa msika wa Ndirande, wa Bangwe kapena wa Zingwangwa amaona mipeni yotere itayalidwa pamodzi ndi maloko, zipeso ndi matochi, ndipo yambiri ndi yotsika mtengo. Ena amati chotchipa chilichonse n'chachabe. Ena amangotola umene ukuwala koposa unzake. Ine nditi onsewo alakwa. Ubwino wa mpeni suli pa mtengo wake kapena pa kuwala kwake ayi, koma pa chitsulo chake ndi pa mfundo imene umapindikira.

Tiyambe ndi chitsulo. Chitsulo cha mpeni chimasakanizidwa ndi kaboni pang'ono, ndipo amisiri amachiotcha mpaka chifiire, n'kuchiziziritsa msanga kuti chilimbe. Mpeni wotere umanoleka bwino pa mwala ndipo suchedwa kuthwa, koma ukausiya wonyowa umachita dzimbiri. Palinso chitsulo china chosachita dzimbiri, chimene amathiramo kromiyamu. Chimenecho chikakhala chabwino n'chabwinodi, koma pa mipeni yambiri yotchipa sichiumitsidwa mokwanira. Umawala ngati kalilole, koma ukasenda nzimbe ziwiri wabuntha kale. Akulu adanena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kodi ulipo mpeni wotchipa umene ulinso wabwino? Inde ulipo, ndipo agogo athu amene adapita ku Joni pa Wenela akuudziwa. Dzina lake ndi Okapi, dzina la nyama ya m'nkhalango za ku Congo. Udayamba kupangidwa ku Germany m'chaka cha 1902 kuti uzigulitsidwa ku Africa, ndipo mu 1988 ntchito youpanga idasamukira ku South Africa. Chogwirira chake n'chamtengo, chitsulo chake n'chakaboni, ndipo kumsana kuli kachitsulo kokhala ndi mphete kamene kamaugwira kuti usapindike wokha. Ulibe zokometsera zambiri, koma anthu osauka a maiko ambiri akhala akuugula kwa zaka zoposa 100. Ku France nako kuli Opinel, umene Joseph Opinel adayamba kupanga mu 1890 kuti uthandize alimi. Yonse iwiri itiphunzitsa chimodzi: wopanga wanzeru amaika ndalama pa chitsulo, osati pa utoto.

Tsono pogula tichite bwanji? Choyamba, tsegulani mpeniwo ndipo muugwedeze. Ngati ukulendewera pamsomali, usiyeni. Chachiwiri, mutautsegula, kankhani kumsana kwake pang'onopang'ono, zala zanu zili kutali. Ngati upindika msanga, tsiku lina udzapindikira pa chala chanu. Chachitatu, pemphani wogulitsa kuti mudule kansungwi kapena kapepala. Wogulitsa katundu wabwino sakana. Chachinayi, musanyengedwe ndi dzina lolembedwa pachitsulo, pakuti maina otchuka amakopedwa ndi anthu achinyengo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina anganene kuti, “Bwanji osasunga ndalama kufikira utagula mpeni weniweni wa ku Switzerland, wokhala ndi sizasi, chotsegulira zitini ndi zina?” Sindikana kuti mipeni ya Victorinox, kampani imene Karl Elsener adayambitsa mu 1884, ndi yabwino. Koma mwana wa sukulu amene makolo ake amavutikira fizi, sopo ndi makope sayenera kulota zimenezo. Ndiponso yotsanzira yake, imene yadzaza m'misika, ndiyo yoipitsitsa: tizitsulo khumi, koma palibe n'kamodzi komwe kogwira ntchito. Kuli bwino mpeni umodzi wakuthwa kusiyana ndi tizitsulo khumi tobuntha. Wogula mpeni wa theka la mtengo umene uthyoka pa miyezi itatu adzagula kanayi pa chaka, ndipo adzalipira kawiri kuposa mnzake amene adasankha bwino kamodzi.

Mpeni wabwino ufunanso mwini wabwino. Muziupukuta mukatha kusenda chinangwa kapena mango, muziudontheza mafuta pang'ono pamfundo, ndipo musamatsegulire zitini kapena kumasulira masikulu, chifukwa nsonga idzathyoka.

Potsiriza, pali chinthu chachikulu koposa zonsezi. Okapi yemweyo adatchuka moipa m'malokeshoni a Johannesburg chifukwa cha atsotsi amene ankabaya nawo anthu. Mlandu sudali wa mpeni koma wa dzanja. Mpeni ndi wosongolera pensulo, wosemera mpini ndi wong'ambira nsungwi za dengu. Suli woopsezera mnzako pa mkangano wa mpira. Ngati malamulo a sukulu aletsa kusunga mipeni kogona, timvere, tiusiye kwathu kufikira tchuthi. Mnyamata amene adziwa kusankha mpeni, kuusamala ndi kuubweza m'thumba pamene mtima wapsa, ameneyo ndiye wakula.

Wophunzira wa Fomu 3