Sitima imene inkatchera ukonde wachitsulo

Ku Chipata kuli kampu ya asilikali yotchedwa Gondar. Ku Ndola kuli Tug Argan, ku Lusaka kuli Arakan, ku Kabwe kuli Chindwin. Onsewa ndi mayina a malo amene asilikali a kuno kwathu anakamenyako nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ku Ethiopia, ku Somaliland ndi ku Burma. Koma ku Burma munthu safikako wapansi. Anyamata a Chinsenga, a Chichewa ndi a Chingoni amene analowa mu Northern Rhodesia Regiment, ambiri mwa iwo asanaonepo madzi oposa a Luangwa, anachita kukwera sitima n'kuoloka nyanja ya mchere. Za amene ankalondera madoko pa nthawiyo nthawi zambiri sitikambako.

Chimene chinkaopsa kwambiri chinali sitima zoyenda pansi pa madzi. Mu October 1939 ya Ajeremani yotchedwa U-47 inazembera usiku m'doko la Scapa Flow n'kumiza HMS Royal Oak, ndipo anthu oposa 800 anafa. Pa 30 May 1942 timasitima tating'ono ta Ajapani tinalowa m'doko la Diego Suarez ku Madagascar, tinaboola HMS Ramillies ndi kumiza sitima ya mafuta. Mu October chaka chomwecho Ajeremani anamiza sitima zambiri za katundu kufupi ndi Cape Town. Nkhondo inali itafika kum'mwera kwa Africa.

Njira yotetezera doko msodzi wa pa Luangwa Bridge angaimve msanga, chifukwa ndi ukonde basi, kungoti wachitsulo. Ankaluka nthambo zokhuthala, n'kuzipachika ku migolo yoyandama, pansi n'kumangirira anangula ndi unyolo kuti mafunde asaukoke. Ukondewo unkatseka pakamwa ponse pa doko, kusiya chipata chimodzi chimene ankatsegulira sitima zodziwika zokha. Kuutchera sikunali kutha kwa ntchito. Madzi a mchere amadya chitsulo, namondwe amadula unyolo, ndiye amalinyero ankangokhalira kuzula, kukonza ndi kutcheranso, m'mphepo yozizira, manja ali mabala okhaokha.

Imodzi mwa sitima za ntchito imeneyi inali HMS Barcross, yomwe inapangidwa ku Blyth ku England n'kulowa m'madzi mu 1941. Inalibe kukongola kulikonse. Inali yaifupi, yoyenda pang'onopang'ono, ndipo kumphuno kwake kunali nyanga ziwiri zachitsulo zonyamulira anangula ndi migolo. Inafika ku South Africa mu 1942, ndipo mu 1943 inaperekedwa kwa asilikali a pamadzi a dzikolo. Ntchito yake yaikulu inali ku Saldanha Bay, kumpoto kwa Cape Town, doko limene linakonzedwa kuti sitima zizisonkhanamo zisananyamuke pamodzi.

Ine ndimailemekeza sitima yotereyi kuposa zija za mizinga ikuluikulu, chifukwa ikagwira bwino ntchito yake sipachitika kanthu. Sitima zimagona m'doko, kunja n'kucha, n'kunyamuka. Wolemba mbiri sapezapo choti alembe, n'chifukwa chake mabuku a kusukulu amadumphapo, monga amadumphira amtengatenga a nkhondo ya 1914 amene anasenza chakudya ndi zipolopolo pamutu kupita kumalire a kumpoto.

Ukonde unali ndi malire ake, poti pakati pa nyanja sungautchere. Pa 12 February 1944 sitima ya Khedive Ismail, yomwe inachoka ku Mombasa kupita ku Colombo itanyamula asilikali a mizinga a kum'mawa kwa Africa ndi anamwino, inaphulitsidwa ndi Ajapani kufupi ndi zilumba za Maldives. Inamira m'mphindi zochepa, ndipo anthu 1,297 anafa. Ngozi yotere ndi imene ukonde unkaletsa m'doko, mmene sitima zimakhala zitaima chilili, zitadzaza anthu.

Nkhondo itatha Barcross sinatayidwe. Anaipatsa dzina latsopano la SAS Somerset, ndipo inagwira ntchito yovuula zomira ndi kukonza pomangirira sitima mpaka 1986. Kenako anaiimika pa V&A Waterfront ku Cape Town kuti anthu aziiona, ndipo inakhala pamenepo zaka zambiri. Abale athu a ku Petauke ndi kuno ku Nyimba amene anapita kukafuna ntchito mumzindawo ayenera kuti ena anaidutsapo, n'kuiyesa sitima yakale ya asodzi.